Mwala wa Patebulo la a Tititaa

Tsiku logawa katundu wa amalume, mlamu wanga anatola mwala umene unali patebulo kuti akauponye panja. Ndinamugwira mkono mwamphamvu moti anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Mwala wake ndi wamba, wa mumsewu, waukulu ngati chibakera. Ndinati masuti tengani, njinga tengani, mabulangete gawanani, koma mwalawu ukhale pomwe uli. Lero chakwana chaka chimwalirireni amalume, ndipo ndati ndilembe za iwo ndi za mwalawo, chifukwa amene anaulowetsa m'nyumba muja, ngakhale sindinauponye ndi dzanja langa, ndine.

Dzina lawo linali a Nampeya, koma mukanafika ku Ndirande, kumtunda kwa Malabada, n'kufunsa dzina limenelo, akanakuuzani kuti mwasochera. Onse ankawadziwa kuti a Tititaa, potengera kaphokoso kamene kankatuluka pawindo lawo. Ali mnyamata ankagwira ntchito yotumiza matelegalamu, nthawi imene uthenga wa maliro unkayenda pawaya mochita kugogoda, kulira kwakufupi ndi kwakutali, chilembo chilichonse ndi kaliridwe kake, kamene amati Morse. Ntchitoyo inatha, koma dzanja lawo linakana kupuma. Anatenga laisensi ku boma n'kugula wailesi yakale, osati yomvera mpira, koma imene munthu amalankhulirapo yekha ndi anzake a m'mayiko ena okhala ndi mawailesi otero. Anamangirira nsungwi pamtengo wa mapeyala, ina padenga, n'kukoka waya pakati pake. Kuchoka pawayapo, chingwe chakuda chonenepa ngati chala chinkatsika n'kulowera pawindo la kachipinda kawo.

Anali munthu wamfupi, wa makutu akuluakulu, ndipo sankakhala pawailesi asanavale tayi. Ankati munthu sulandira alendo uli pamimba pamtunda, ngakhale alendowo asakukuona. Chala chawo sichinkakhazikika: ankagogoda pambale, pabenchi la kutchalitchi, pampando wa minibasi. Paukwati wa mwana wanga anagogoda patebulo nthawi yonse imene ankhoswe ankalankhula, ndipo nditawafunsa pambuyo pake kuti amati chiyani, anati amangopempha Mulungu kuti munthuyo akhale pansi.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali khutu. Ankati dzanja lililonse lili ndi mawu ake, ndipo ukamvetsera bwino umadziwa ngati wogogodayo watopa, wamwa, kapena wakangana ndi mkazi wake. Mnzawo wapamtima anali a Zulu a ku Chipata, amene anacheza nawo zaka zambirimbiri osaonana nkhope. Amalume ankati dzanja la a Zulu limatsimphina pa kulira kwakutali, ndipo ankalizindikira pakati pa phokoso la anthu makumi monga mayi amazindikirira chifuwa cha mwana wake.

Anthu a mawailesi amenewa amakhala ndi mipikisano. Loweruka ndi Lamulungu lina, dziko lonse lapansi limalimbirana kuti ndani apeze anzake ambiri, ndipo wopambana salandira kanthu koma pepala lopachika pakhoma. Ku Malawi kuno a mawailesi otere ndife ochepa kwambiri, choncho ukangotulukira pamphepo, azungu ndi Ajapani amakuunjirira ngati okwera pa minibasi yoyamba ya m'mawa. Lamulo lake n'kupatsana manambala msangamsanga n'kupita kwa wina. Amalume lamulo limenelo silinkawalowa. Munthu ali pa liwiro, iwo ankayamba kumufunsa ngati mvula yagwa kwawoko.

Mkangano wathu unayambira pamenepo. Ine ndimakonza mafoni pamsika, ndipo laisensi ndinaitenga ndili kale ndi imvi ziwiri zitatu. Kugogoda kunandikanika, makutu anga ndi a mtengo. Kenako ndinapeza njira yatsopano: umalumikiza laputopu ku wailesi, ndipo makompyuta amapatsana okha manambala, ngakhale mphepo ili yofooka moti khutu silingatole kanthu. Masana amodzi ndinkapeza mayiko amene amalume ankawasaka mwezi wathunthu. Ndinkawaonetsa mndandanda wake mwadala, kuti ziwapweteke.

Iwo ankati zimenezo n'chimodzimodzi kutumiza nsapato zako kumaliro n'kumauza anthu kuti unapezekapo. Ine ndinkati ndi nsanje chabe, dziko lapita patsogolo iwo atatsalira pa siteji. Tikatopa kukangana ankavomera kuti makinawo amamva pamene khutu lalephera, ndipo nditapeza kachilumba kena kamene anakafuna moyo wawo wonse, anandipempha kuti ndiwaonetsenso kawiri. Chimene chinkawawawa sichinali kompyutayo. Ankati anthu onse asamukira uko n'kusiya mudzi wopanda munthu, moti mbali ya wailesi yolankhulira pakamwa ndi yogogodera yayamba kuchita zii.

Ndisawapake mafuta okhaokha. Amalume anali ndi matama. Anansi akawafunsa kuti mawaya amenewa ndi a chiyani, ankayankha kuti simungamvetse. Zaka zonsezo palibe mnansi mmodzi amene anamulowetsapo m'kachipinda kaja.

Ndiye kunabwera chaka chija cha mphekesera za anamapopa. Amene munali ku Blantyre mukukumbukira. Ankati kuli anthu oyenda ndi makina opopera magazi, olowetsa timapaipi pawindo, ndipo aliyense ankadziwa munthu amene ankadziwa munthu amene anapopedwa. Mlendo wonyamula chikwama ankaimitsidwa panjira. Tinkamva za anthu ophedwa chifukwa cholephera kufotokoza kachipangizo kamene anapezeka nako m'thumba. Pamsika tinasiya kusekerana, ndipo ine ndinkabisa kachitsulo kanga kowotcherera mawaya pansi pa benchi. Koma mutu wanga sunandiuze kuti chingwe chakuda cholowa pawindo la amalume chikuoneka bwanji kwa munthu wamantha.

Linali Loweruka la mpikisano wa makompyuta, dzuwa likuswa mtengo. Kwathu ndilibe pomangira waya, choncho ndinapita kwa amalume ndi laputopu yanga. Ikamagwira ntchito imeneyi, galasi lake limakhala la buluu, ndipo pamakhala timizere tofiira ndi tachikasu totsetsereka pang'onopang'ono kuchoka pamwamba kupita pansi. Pambali pake manambala amadzilemba okha, ndipo wailesi imalira likhweru losatha ngati mphepo ikuwomba pakamwa pa botolo. Ndinaisiya ikugwira ntchito n'kupita kuseri kukasamba m'maso. Amalume anali atagona pamkeka m'chipinda china, atanyanyala.

Nthawi imeneyo ndi imene amake Esinati, mnansi wa kumunsi kwa mpanda, anabwera kudzapempha kuti atchajitse foni, poti magetsi anali atathima ndipo amalume anali ndi batire ya galimoto. Mwana wawo Esinati anali atadzuka m'mawa womwewo ali wofooka, magazi akutuluka m'mphuno. Anaodira, osayankhidwa, n'kusuzumira pawindo. Anaona chipaipi chakuda chikulowa m'nyumba, timizere tofiira tikudontha pagalasi, manambala akudziwerenga okha, m'chipinda mulibe munthu. Ine pobwera kuseri ndinangoona chitenje chawo chikuzimiririka pageti.

Sipanathe theka la ola. Poyamba ndinayesa ndi anthu a mpira akudutsa, koma phokosolo silinadutse. Galasi la windo linaphulika, mwala n'kugwera patebulo pafupi ndi dzanja langa. Nditasuzumira ndinaona bwalo lonse ladzaza, ena akwera mpanda, ndipo ambiri anali anthu amene ndinawakonzerapo mafoni. Kutsogolo kunali mwamuna wamtali amene sindinkamudziwa, atanyamula chigubu chachikasu.

Ndinagwira laputopu kuti ndiikankhire pansi pa kabati, koma amalume anali atafika kale pakhomo la kachipindako, akumanga tayi.

"Usiye pomwepo," anatero. "Ukabisa, wavomera."

Anachotsa pakhoma laisensi yawo, imene inali m'felemu ya galasi, n'kutsegula chitseko chakunja. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, bambo wa ana atatu, kubisala kumbuyo kwa nkhalamba yondifika m'phewa.

"Takulandirani," anatero amalume. "Chavuta n'chiyani? Pepala la boma ndi ili."

Wachigubu uja analimenya ndi kuseri kwa dzanja, galasi lake n'kusweka pakhonde. "Mapepala nawonso ali nawo, madala. Tulutsani makinawo. Magazi a mwanayu ali kuti?"

"Ndaona ndi maso angawa," anatero amake Esinati. "Magazi akutsika, makina akuwerenga okha. A Tititaa, zaka zonsezi tikukupatsani moni, mwana wanga wakulakwirani chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati si magazi amenewo, ndi masiginolo, ndi anthu a ku Ulaya, tikungopikisana. Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana, ndipo ine ndemwe sindinawakhulupirire.

"Anthu ake ati?" anakuwa wina pampanda. "Mwalowa azungu m'menemo? Ngati ndi anthu alankhule timve!"

Gulu lonse linatola mawu amenewo. Alankhule timve, alankhule timve. Amalume anakweza dzanja n'kunena kuti chabwino, alankhula. Analowa m'kachipinda kaja, anazula laputopu, n'kuika sipika pawindo loswekalo kuti onse amve. Anatembenuza kachitsulo kosakira mpaka mbali yolankhulira pakamwa, anatenga mayiki, n'kuitana m'Chingerezi chawo chija cha kusukulu ya mishoni, kuti aliyense amene akumva ayankhe, kuno ndi ku Malawi.

Sipika inangoti fooo, ngati mvula yakutali padenga la malata.

Anaitananso. Anasuntha pang'ono n'kuitana kachitatu. Munthu amene masiku ena ankalimbiranidwa ngati shuga wosowa, tsiku limenelo panalibe womuyankha, chifukwa dziko lonse linali pa mpikisano umene ine ndinali, makompyuta akupatsana moni eni ake akumwa tiyi. Panja anthu anasiya kukuwa, ndipo chete ameneyo anandiopsa kuposa phokoso lija. Ndinamva chivindikiro cha chigubu chikutsegulidwa, kenako fungo la petulo linalowa pawindo. Sindibisa, buluku langa linanyowa.

Amalume anaika mayiki pansi n'kukoka kachitsulo kawo kogogodera.

"Amalume, ayi," ndinanong'ona. "Phokoso limenelo ndi limene akuliopa."

"A Zulu satchera mbali ya pakamwa," anatero osandiyang'ana. "Amasiya wailesi mbali ino akamadyetsa nkhuku."

Anayamba kugogoda. Ti-ti-taa inatuluka pasipika mokweza kuposa mmene anthu a ku Malabada anaimverapo, ndipo mayi wina anakuwa kuti akuitana anzawo. Amene anali pafupi ndi windo anabwerera m'mbuyo akupondana. Mantha awo omwewo ndi amene anatigulira kamphindi. Ine ndinkayang'ana dzanja la amalume, dzanja limene ndinalidziwa chibadwire changa likuyenda ngati makina osokera, ndipo linkanjenjemera. Ankalakwitsa, kubwereza, kulakwitsanso. Thukuta linkadontha pachibwano n'kugwera pa tayi. Pamenepo ndinadziwa kuti nawonso akuona imfa imene ine ndinkaiona.

Anasiya n'kumvetsera. Fooo. Wachigubu anali atayamba kuwaza pakhonde.

Kenako, chapansipansi, kunamveka kugogoda kwina, kotsimphina. Ngakhale ine wa makutu a mtengo ndinalizindikira dzanja limenelo. Amalume anayankha mwachidule, anatembenuzanso kachitsulo kosakira, n'kutenga mayiki. Sipika inatsokomola, ndipo mawu a nkhalamba yopuma wefuwefu anadzaza bwalo lonse.

"A Nampeya! Ni chani manje? Dzanja lanu lanjenjemera monga la munthu wa malungo. Mwadwala?"

"A Zulu, ndili ndi alendo pakhomo," anatero amalume. "Akuti ndine namapopa. Tawalonjerani."

Panapita kanthawi sipika ikungofuula mphepo. Ndinaganiza kuti tawataya.

"Namapopa? Mdala uyo?" anabweranso mawu aja. "Imwe anthu a ku Blantyre, mwasokonezeka? Uyo munthu anakomoka chaka chatha pamene anesi anamutenga magazi pa chala! Anandiuza yekha. Manje angapope ndani?"

Wina pampanda anaseka, kuseka kwangozi kochita kupulumuka. Mnzake anabwereza kuti manje, manje, moyerekeza Chinyanja cha ku Zambia, ndipo ena awiri atatu anaseka nawo. Amalume sanadikire. Anatulutsa mayiki pawindo, chingwe chake chitakokeka mpaka pomaliza, n'kuitana amake Esinati kuti afunse okha. Mayiwo anayandikira ngati akupita kukagwira njoka. Amalume anawaonetsa podina.

"Ndinu munthu?" anafunsa.

"Ndine munthu, amayi. Ndili ku Chipata, ndasiya nkhuku zanga zalowa m'dimba chifukwa cha imwe. Chavuta n'chani?"

Amake Esinati anafotokoza za mwana, za magazi a m'mphuno, za kufooka, ndipo pofika pakati anayamba kulira. A Zulu anawafunsa ngati thupi la mwanayo likutentha, ngati wadya, ngati amuyezetsa. Kenako anawauza kuti nthawi imene aima pakhomo la nkhalamba akanakhala atafika kuchipatala, ndipo anafunsa ngati pagulu lonselo palibe mwamuna mmodzi wotha kubereka mwana kumsana.

Gululo silinabalalike nthawi imodzi. Linasungunuka cham'mbali, wina kukumbukira kuti wasiya okala yosatseka, wina kuti akufunika kunyumba. Wachigubu anachoka pomaliza, atatiloza chala n'kunena kuti akutionabe. Palibe anapepesa. Sabata yomweyo wina anadula waya wa pamtengo wa mapeyala, ndipo Esinati anakamupeza ndi malungo.

Anthu atapita, amalume anakhala pampando wawo. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, anene kuti nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu, ndipo ndikanavomera ngakhale ndinali mwana wa imvi. Sanatero. Anangondifunsa ngati ndinamva mmene munalili zii muja, n'kunena kuti tiyamike Mulungu kuti a Zulu alibe mphwawo wowagulira laputopu. Loweruka lotsatira a Zulu anatiuza kuti masiku onse amalume akaitana, iwo amayamba amaliza za nkhuku, chifukwa a Nampeya sathawa. Tsiku lija anataya chidebe n'kuthamanga chifukwa anamva dzina la mnzawo likugogodedwa ndi dzanja losakhala lake. Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Kompyuta yanga ikanatumiza manambala ake osalala bwinobwino mpaka nyumba kupsa.

Kuyambira pamenepo amalume anasintha zinthu ziwiri. Windo la kachipinda kaja ankalisiya lotsegula, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana kuti apereke moni kwa a Zulu, moti amake Esinati anazolowera kufunsa za nkhuku za ku Chipata. Chachiwiri, anayamba kulembera makalata okonza mipikisano a kunja, iwo akulemba pamanja ine ndikutayipa. Sankati makompyuta aletsedwe. Ankapempha kuti wopikisana pa kompyuta aziwonjezeredwa mapointi akalankhulanso ndi anthu angapo pakamwa kapena pogogoda, kuti mbali zimenezo zisafe. Ena ankayankha mwaulemu, ena osayankha. Za mwalawo sanalembemo, ankati azungu sangamvetse.

Pakhomo pawo anaika lamulo lawolawo. Loweruka lililonse ikakwana fili koloko masana, laputopu inkazimitsidwa, kaya mpikisano wafika pokoma bwanji. Ankalitcha ola la anthu. Ankaitana pakamwa, kenako pogogoda, kenako n'kungokhala chete kumvetsera mphepo mpaka olalo litha. Ndikadandaula kuti tikutaya mapointi pomvetsera chabe, ankati kwinakwake kungakhale munthu amene ali ndi alendo pakhomo.

A Zulu anatsogola. Amalume anadziwa uthenga usanafike, ataitana Maloweruka atatu osamva dzanja lotsimphina lija. Sanalire pamaso panga, koma anayamba kundikakamiza kuphunzira kugogoda ngati munthu wothamangitsana ndi mvula. Ndinkazemba, ndinkati mawa, ndinkati kumsika kwachuluka ntchito. Pamene ankamwalira ndinali nditagwira theka la zilembo, ndipo zimenezonso ndimazitola pokhapokha wogogodayo akuyenda ngati kamba.

Kachipinda kaja abale anandisiyira, poti palibe ankafuna mawaya. Ndimapitako Loweruka lililonse, ndipo ikakwana fili koloko ndimazimitsa laputopu. Nthawi zambiri mumakhala fooo yekhayekha. Koma mwezi watha, olalo lili pafupi kutha, ndinamva kugogoda mbali ya Morse, kwapansipansi, kopunthwapunthwa, kobwereza chinthu chimodzimodzi. Kaya anali wophunzira kumene, kaya anali munthu wonjenjemera, sindikudziwa. Ndinatola zilembo ziwiri zokha. Ndinathamangira pa mayiki n'kuitana, koma mwini wakeyo sanali mbali ya pakamwa. Ndinabwerera, ndinaika chala pa kachitsulo ka amalume, osadziwa choti ndigogode. Anaitana kwa kanthawi, kenako analeka.

M'chipindamo zonse zili mmene anazisiyira. Pa windo pali kathabwa m'malo mwa galasi lija, chifukwa anakana kuikapo lina. Laisensi inabwerera pakhoma yopanda galasi, ili ndi chidindo cha nsapato pakona. Tayi yapachikidwa pamsomali kuseri kwa chitseko, mfundo yake yosamasula. Kachitsulo kogogodera kanaperepeseka pamene pankakhala chala chawo, ndipo chala changa sichikwanapo bwino. Mwala uja uli pamwamba pa buku lawo lolembamo anthu amene analankhula nawo, kuti mphepo isatsegule masamba. Mpando wawo sindikhalapo. Ndimakhala pa kasitulu pambali pake, buku la zilembo za Morse lili pamwendo, ndipo wina akayamba kugogoda ndimapezeka ndatembenukira kumpandoko kuti ndifunse kuti akuti chiyani.